Kabuku ka Ndege ndi Maina Khumi ndi Anayi

Anagogoda Lachinayi m'mawa, tsiku lotsatira Lachitatu la Phulusa. Ndinali pampando ndikumanga zingwe za nsapato kuti ndikakonze mpope umene unkadontha kumunda wa mishoni, pakuti imeneyo ndiyo ntchito yanga. Kwathu ku Kasisi munthu sagogoda, amaodira ali pabwalo. Nditangomva zala pachitseko ndinadziwa kuti obwerawo si akuno.

Anali atatu. Awiri anavala wamba, wachitatu anali wa yunifolomu ndi mfuti. Wamfupi, amene ndinadzamudziwa bwino pambuyo pake, ndiye anayankhula.

"Ndimwe ba mdala bamene mumankala pa chulu na kabuku?"

"Ndine."

"Tipaseni kabuku. Na imwe tiyeni tikambeko chabe pang'ono. Muzabwela manje-manje."

Mkazi wanga anatulukira kuseri kwa nyumba khasu lili m'manja.

"Muwapeleka kuti? Sanadye aba!"

"Bazadya kwamene tiyenda, amai," anatero wamfupi uja, akunditsegulira chitseko cha galimoto mwaulemu ndithu.

Manje-manje wakeyo anatenga masiku khumi ndi awiri.

Ndiyambe ndafotokoza za kabukuko, chifukwa popanda iko nkhaniyi ilibe mutu. Kunali asisitere amodzi ochokera kunja amene anakhala pakati pathu zaka zambiri akugwira ntchito ya uzamba. Ana anga atatu anafikira m'manja mwawo, ndipo a mabanja ena ndi osawerengeka. Atakalamba pang'ono, akuluakulu awo anawatumiza ku dziko lina lakutali, louma, kumene kunalibe mzamba. Khirisimasi itayandikira tinamva kuti zigawenga zinafika pa mishoni imeneyo ndi mfuti, n'kuwatenga. Patapita milungu ingapo kanema anazungulira pa mafoni. Anali iwo, ataonda, atakhala pansi, munthu wophimba nkhope ataima kumbuyo kwawo.

Pa wailesi nkhaniyi inakoma milungu iwiri. A boma anati asisiterewo si nzika yathu, koma akutsatira zonse mwachidwi. Otsutsa anati boma likuopa kukhumudwitsa maiko amene amalithandiza. Dziko lakwawo linanena kuti silikambirana ndi zigawenga. Oimba foni ena ankafuna kuti titumize asilikali, ena ankafunsa kuti nkhalamba inkakafuna chiyani kumeneko. Ine ndinkatukwana wailesi ndili pakhonde, ndipo wailesi sinkandimva. Kenaka kunabwera nkhani ya mpira, asisitere n'kuiwalika.

Amayi a mphakati wathu, kagulu ka mabanja amene timapemphera limodzi pakati pa sabata, sanaimbe foni ku wailesi iliyonse. Anagwirizana kuti azipemphera kolona mosinthana, isaduke kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, tsiku lililonse, kufikira asisitere atapezeka. Anali khumi ndi anayi, wina akamaliza wina aziyamba. Vuto linali nthawi. Inali nyengo yopalira, aliyense ali m'munda mwake, wotchi palibe, mafoni ambiri atazima chifukwa cha kuthimathima kwa magetsi, ndipo belu la tchalitchi limalira katatu kokha patsiku. Koma ife tili ndi chinthu chimene ena alibe. Bwalo la ndege lili pafupi, ndipo ndege imamveka ngakhale uli chowerama pakati pa chimanga. Kuyambira kale timati "ndifika ikatera yaikulu yamasana", munthu n'kumva. Ndiye anati aliyense akhale ndi ndege yake.

Wina anati tipemphe ndandanda wa ndege kwa mwana wa mayi wina wamasiye wa m'gulumo, amene anali atangopeza ntchito yonyamula zikwama pabwalopo atakhala zaka zisanu osagwira kanthu. Mayiyo anakana ndi mawu ochepa, monga mwa khalidwe lake. Anati mwanayo asiyidwe, ntchito yake ndi yanthete. Choncho ntchito inagwera ine, mlembi wa mphakati, amene ndinasankhidwa chifukwa cha dzanja langa lokongola polemba, ndipo ndinkanyada nalo mopitirira. Ndinabwereka wotchi yakale kwa bambo mfumu, n'kukhala pachulu cha kumapeto kwa munda wanga sabata yathunthu, ndikulemba ndege iliyonse, ola lake, mtundu wa mchira wake, kaya ikutera kapena ikunyamuka.

Tsopano apa ndi pamene pali tchimo langa. Ndili ndi khalidwe lopatsa anthu maina mumtima mwanga. Popeza kabukuko kanali kanga ndipo aliyense ndinamuuza ndege yake pakamwa, pambali pa ndege iliyonse sindinalembe dzina lenileni. Ndinalemba maina anga aja, ndikuseka ndekha pachulu.

Mwezi womwewo zigawenga zinaphulitsa malo ena m'dziko lina, ndipo pa wailesi anayamba kulengeza kuti aliyense woona zachilendo pafupi ndi malo ofunika akanene msanga. Wina anakanena. Ndimamudziwa, timapatsana moni mpaka lero, ndipo ndimayesetsa kukumbukira kuti naye anali ndi mantha.

Ananditengera ku nyumba ina mu Lusaka imene sindiitchula. Anandilanda lamba, kolona ndi wotchi ya bambo mfumu. Masana a tsiku lomwelo anandikhazika m'chipinda cha tebulo limodzi ndi mipando itatu. Wamfupi uja anaima pazenera. Amene anakhala moyang'anana nane anali wamtali, wamagalasi, woyankhula mofatsa ngati mphunzitsi. Anatsegula kabuku n'kuyamba kuwerenga.

"Ndeke yoyamba ya kuseni: Wailesi. Kandeke ka mapulopela: Mbuzi Zitatu. Ya mchila wa mizele: Mvula ya Matalala. Ikulu ya masana: Manda." Anakweza maso. "Ba mdala, aba ni bandani?"

Ndinaseka. Ndikuvomereza, ndinaseka, chifukwa ndinaona kuti nkhani yatha, kwangotsala kufotokoza. Ndinawauza za asisitere, za kolona, za magetsi ndi za chimanga. Ndinafotokoza bwino kwambiri, mpaka ine mwini ndinakhutira.

"So mufuna tikhulupilile kuti bazimai bapemphela na taimutebo ya ndeke?" anafunsa wamfupi ali pazenera pomwepo.

"Ni zoona, bwana."

"Ngati ni zoona, palibe vuto," anatero wamagalasi, akutsegula cholembera. "Tipaseni mazina yao yeni-yeni. Tizayenda kubatenga lelo lamene, babwele bakambe beka muno."

Dzina loyamba linali kale pa lilime. Ndiye anawonjezera funso lina, mosalabadira, akuyang'ana papepala.

"Pali aliyense pa aba wamene ali na bululu wosebenza pa eyapoti?"

Ankafunsa za wachibale wogwira ntchito pabwalo la ndege. Ndinaona mayi wamasiye uja akukana kuti mwana wake asakhudzidwe. Ndinayang'ananso chipindacho, khoma lake ndi chitseko chake chachitsulo, n'kuganiza za amayi khumi ndi anayi, ena okalamba kuposa ine, wina woyembekezera, akulowetsedwa mmodzimmodzi. Ndinatseka pakamwa.

"Mazina sinizakupasani," ndinatero. "Funsani vina vonse."

Wamagalasi anatseka cholembera chake pang'onopang'ono. Sanakwiye. Anati ndikaganize bwino, nthawi ilipo.

Mu selo tinali anthu asanu ndi anayi ndi chidebe chimodzi. Za chakudya ndi nsikidzi sindilembapo, ena analemba kale kuposa mmene ndingathere. Chimene chinandisautsa ine n'chakuti kumeneko ndege sizinkamveka. Munthu amene wakhala moyo wake wonse pansi pa ndege, akazisowa amasokonezeka mutu. Sindinkadziwa ngati ili nthawi ya mkazi wanga kapena ya wina, ndiponso ngati kolona ikupitirira n'komwe. Ndinkawerenga Tikuoneni Maria pa zala, ndipo mnyamata wina womangidwa chifukwa cha mafoni akuba ankati mdala wayamba kuwerenga masiku ake.

Loweruka, tsiku lachitatu, wamagalasi kunalibe. Wamfupi anabwera ndi mnzake amene sindinamuonepo, ndipo anandipempha kuti ndivule nsapato. Anandifunsa maina, ndinakana. Anandifunsanso. Zinatenga nthawi yaitali ndithu. Pobwerera ku selo anandithandiza kuyenda anthu awiri. Mpaka lero ndimavala nsapato zokulirapo ndipo pa miyala ndimayenda mosamala.

Mlonda wa makiyi anali bambo wachikulire, wa imvi m'mbali mwa mutu. Madzulo a tsikulo anakankhira beseni mkati ndi phazi, osandiyang'ana.

"Ikani mendo mu manzi, ba mdala," anatero. Ali pafupi kutseka anawonjezera: "Muno na mwala umakamba. Mukambe chabe, muyende ku nyumba."

Sankandiopseza. Ankandilangiza monga munthu woona zambiri, ndipo ndimamukumbukira popanda mkwiyo.

Musandiyese wolimba mtima. Lachiwiri, tsiku lachisanu ndi chimodzi, nditaona wamfupi akuyang'ana mapazi anga, ndinati ndipatseni pepala. Ndinalemba maina khumi ndi anayi ndi dzanja langa lokongola lija: amayi anga ondibala, azakhali anga awiri, apongozi anga, ndi amayi ena a mumpingo amene ndinawakumbira ndekha manda. Onse anali akufa. Ndinaganiza kuti akufa samangidwa ndipo ana awo sachotsedwa ntchito. Ndinadziona wochenjera kwa masiku awiri. Lachinayi apolisi anabwerako ku Kasisi, kumene munthu wina wokoma mtima anawalozera kumanda, ndipo tinakambirananso za nsapato. Bodza limeneli ndinakaulula pambuyo pake. Kuseri kwa nsalu ya malo olapira, sindidziwa ngati bambo mfumu ankapemphera kapena ankaletsa kuseka.

Zimene zinkachitika kunja ndinazimva nditatuluka. Mkazi wanga anakwera minibasi tsiku lomwelo kupita ku boma la Chongwe, kumene anamuuza zoona, kuti kumeneko kulibe dzina langa. Anazungulira masiku asanu ndi awiri, ofesi ndi ofesi, mpaka loya wina wa mumpingo anapeza kumene ndinali. Bambo mfumu anapita kukachitira umboni, koma anauzidwa kuti umboni wa wansembe sukwanira, akufunika eni maina a m'kabuku. Iwo anakana kutchula aliyense popanda chilolezo chake, n'kubwerera kukaitanitsa mphakati. Loya anauza amayiwo mosabisa kuti sangalonjeze kuti onse adzabwerera tsiku lomwelo. Kwa mayi wamasiye ananena padera kuti iye atsale, khumi ndi atatu akwanira.

Lolemba, tsiku lakhumi ndi chiwiri, cha m'ma teni koloko, mlonda wa imvi anatsegula selo ali ndi nkhope yodabwa.

"Ba mdala, tulukani. Mwabwelesa chechi yonse."

Ndinayenda wopanda nsapato, chifukwa sizinkalowa. Titakhota pakona ndinaona khonde lonse litadzaza zitenje za mumpingo. Anakhala pansi mondondozana, miyendo itatambasulidwa, aliyense kolona m'manja. Anayang'ana mapazi anga. Mkazi wanga analuma mlomo. Ndinawerenga msanga ndi maso, ndikupempha Mulungu kuti akhale khumi ndi atatu. Anali khumi ndi anayi.

Wamagalasi anatulutsa mpando wake pakhonde, chifukwa m'chipinda sakanakwana. Anati awerenga dzina lililonse la m'kabuku, mwini wake aimirire, anene dzina lake lenileni ndi ndege yake. Apo ndi pamene ndinazindikira chimene chikubwera, ndipo ndinalakalaka kubwerera ku selo. Amayiwo sankadziwa kuti ndinawalemba bwanji.

"Wailesi."

Anayang'anana. Kenaka onse anatembenukira kwa mayi mmodzi, amene nkhani ya m'mudzi imayambira kwa iye. Anaimirira pang'onopang'ono, akumanga chitenje.

"Ine ndine Wailesi, a Sekelitale? Chabwino. Ndine. Ndeke yanga ni yoyamba ya kuseni." Ananena dzina lake, wamagalasi n'kulemba.

"Mbuzi Zitatu."

"Zinali zitatu, manje ni zisanu," anatero mwini wake akuimirira. "Lembani bwino."

Wina wa yunifolomu anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Anapitiriza. Panali Nsapato Imodzi, panali Kwaya Yosweka, panali Mawa Ndibweza. Aliyense ananyamula dzina lake lonyoza pamaso pa apolisi, n'kuikapo lenileni. Atafika pa Mvula ya Matalala, mkazi wanga anaimirira asanamalize n'kuwerenga komwe.

"Uyo nimuziba, ni ine. Tizakambilana ku nyumba."

Pa dzina lina sipanaimirire munthu. Wamagalasi anabwereza, ndipo amayi analoza mnzawo wachikulire amene anali atatsinzina, milomo ikuyenda.

"Amai, nikamba na imwe."

Mayiyo anatsegula diso limodzi. "Lindilani nisilize, bwana. Ni nthawi yanga."

Ndipo bwana uja anadikira. Amayiwo anali atagwirizana m'minibasi kuti popeza kumeneko ndege sizimveka, womaliza azigwira phewa la wotsatira. Ndi pamene ndinadziwa kuti kolona sinaduke tsiku ngakhale limodzi. Misozi imene sinatuluke Loweruka lija inatuluka pamenepo, pamaso pa anthu onse.

Linatsala dzina limodzi. Ndinalipereka kwa mayi wamasiye uja chifukwa cha kusayankhula kwake, osaganiza n'komwe kuti ndi munthu amene anaika mwamuna ndi ana awiri. Ndinaweramitsa mutu.

"Manda."

Nthawi imeneyi palibe amene anaseka. Ndinamva chitenje chikukhwekhwereza pakhoma.

"Ndine," anatero. Ananena dzina lake lonse momveka bwino. "Ndeke yanga ni ikulu ya masana. Na mwana wanga asebenza pa eyapoti, anyamula vola. Lembani na ico, musavutike kusakila. Eve saziba kanthu. A Sekelitale aba ndiye baziba vonse, ndiye cifukwa mwabacita so."

Wamagalasi anavula magalasi ake n'kuwapukuta nthawi yaitali. Kenaka analemba.

Anawafunsa mmodzimmodzi mpaka cha m'ma fili koloko, ndipo onse anabwerera kwawo tsiku lomwelo. Ine anandipatsa pepala lonena kuti palibe mlandu, lamba wanga, kolona ndi wotchi. Kabuku anasunga. Anandichenjeza kuti ndisakhalenso pachulu. Potuluka ndinakumana ndi wamfupi uja pachipata.

"Ba mdala, sembe munakamba chabe kudala," anatero, kutanthauza kuti ndikanangonena kale, ngati munthu wodandaula kuti ndinamuchulukitsira ntchito.

Loya naye ananena zofanana tili m'minibasi, kuti kukana kwanga ndi maina a akufa aja ndi zimene zinakulitsa nkhani. Mwina ananena zoona. Ndaziganizira kwambiri ndipo sindinapeze yankho londikhutiritsa.

Sabata yomweyo kampani imene mwana wa mayi wamasiye ankagwirako inamulanda chiphaso cholowera pabwalo. Anati n'kwa kanthawi, pofuna chitetezo. Kanthawiko sikanathe mpaka pano. Tsopano amakweza matumba pa minibasi pamsika wa Chongwe. Chinthu chimodzi chimene ndinakhalira chete masiku khumi ndi awiri chinachitikabe.

Asisitere sanapezeke. Pa wailesi satchulidwanso, koma kolona ikupitirira. Anthu amandifunsa kuti ufulu unakoma bwanji nditatuluka, ndipo amayembekeza kuti ndinene za mpweya wabwino ndi dzuwa. Ine chimene ndinaona n'china. Chitseko changa sindinatsegule ndine, ngakhale kuuma mutu kwanga sikunatsegule. Chinatseguka chifukwa nyumba imene ndinalimo ili pamsewu wodziwika, minibasi imafikako, ndipo panali anthu olola kukhala pakhonde pake n'kutchula maina awo. Asisitere ali kumene minibasi sifika. Amayi aja akanadziwa khonde lake, sindikukayika kuti akanakakhalapo. Mwa andale onse amene ndinawamva pa wailesi sindinaonepo mmodzi wofika pa msinkhu wa amayi amenewa, ndipo ine amene ndinkawaseka pachulu sindifikapo.

Panapita milungu itatu ndisanathe kuyenda mpaka kumunda kwa mayi wamasiye. Ndinamupeza akukumba mbatata. Ndinavula chipewa, n'kupepesa za dzina lija poyamba. Anangogwedeza mutu, osasiya kukumba. Ndiye ndinafunsa chimene chinkandidya mumtima.

"Amai, loya anakuuzani kuti musale. Ine n'nakhala chete cifukwa ca mwana wanu. Munabwelela ciani?"

Anaimika khasu. Anayang'ana nsapato zanga zazikuluzo, kenaka anandiyang'ana kumaso.

"N'namufunsa mwana usiku wake, anati yendani amama," anatero. "Nchito azapeza ina. Imwe mendo yena mukanayapeza kuti?"

Ndinaima pamenepo chipewa chili m'manja, iye n'kuweramanso pa mzere wake wa mbatata.